Thanki ya stainless yadyedwa ndi asidi wa mabatire, nanga chitsulo chake n'chiti?

Bambo a Chisomo:
Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi nkhani yondizunguza mutu. Ena mukudziwa kuti ndili ndi kamalo ku Makata komwe timasukulutsa asidi wa mabatire, uja wa sulphuric, n'kumagulitsa kwa amakaniko ndi kwa anthu a masola. Ndinapangitsa thanki ya stainless ya malita 500 kuti tisiye kuvutika ndi zigubu. Lero m'mawa tapeza pansi panyowa, simenti yafumbutuka, thanki ikudontha pamsoko wapansi, ndipo asidi wa m'katimo wasanduka wobiriwira. Sinathe ngakhale miyezi iwiri. Chondipweteka kwambiri n'chakuti asidi yemweyu akakhala wamphamvu, wa 98 peresenti, kumafakitale aakulu amamusunga m'mathanki a chitsulo wamba chochita dzimbiri chija, ndipo amakhala zaka. Nanga stainless yodula ija yagonja bwanji ndi asidi wothira madzi? Kodi anandigulitsa yabodza?

aJere a ku Limbe:
Pepani achimwene, imeneyo ndi ndalama yambiri. Tengani maginito, ngakhale a sipika yakutha, mugunditse pathankiyo. Akamata, dziwani kuti anakupatsani stainless yotchipa ya nambala 430 kapena chitsulo china chongonyezimira. Stainless yeniyeni sikoka maginito.

Mayi Nachisale:
aJere, maginito amathandiza koma sanena zonse. Ilipo stainless ya 201, yomwe anachepetsa nickel n'kuikamo manganese kuti itsike mtengo. Maginito samata, koma ndi yofooka kuposa 304, mtundu wa stainless wofala uja. Komanso 304 yeniyeni ikapindidwa kwambiri imayamba kukoka maginito pang'ono pamakona. Ndiye palinso ya duplex yomwe imakoka maginito koma pamadzi amchere imaposa stainless ya 316. Bambo a Chisomo, tisanayambe kusaka wakuba, tandiuzani zitatu izi: asidiyo mumamufikitsa pamphamvu yanji, mumasakanizira m'thanki momwemo kapena kwina, ndipo pepala la chitsulocho linalembedwa nambala yanji?

Bambo a Chisomo:
Mayi, hydrometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa asidi poyerekeza ndi madzi, imafika pa 1.28. Timasakanizira momwemo, ndipo thanki imatentha moti sungaikepo dzanja. Palisiti analemba 304. Maginito ndayesa, sakumata.

Mayi Nachisale:
Basi, yankho lili pomwepo. Ngakhale akanakupatsani 304 yabwino kuposa yonse padziko, ikanadyedwabe. Pa 1.28 ndiye kuti asidi ali pafupifupi 37 peresenti, ndipo apo m'pamene sulphuric amalusa kwambiri pa stainless, makamaka akatentha.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa dzina lija limatinamiza. Stainless ndi chitsulo chomwechi, koma anathiramo chromium wosachepera 10.5 peresenti. Mu 304 muli chromium 18 ndi nickel 8. Chromium uja akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kopyapyala zedi, kosaoneka ndi maso, ndipo kakhungu kameneka n'komwe kamatchinga dzimbiri. Kakakandika kamameranso kokha, bola pakhale mpweya kapena mankhwala ochita ngati mpweya. N'chifukwa chake nitric acid amagwirizana ndi 304, amachita kukalimbitsa kakhunguko. Koma sulphuric wosukuluka wotentha amakasenda ndipo sakapatsa mpata womeranso. Chotsala ndi chitsulo chamaliseche m'kati mwa asidi. Kubiriwira mukuonako ndi thanki yanu yomwe yasungunukira m'menemo.

Za chitsulo wamba zija n'zoona. Asidi wa 98 akachikhudza, pamwamba pamapangika chikhungwa cha iron sulphate, ndipo popeza m'asidimo mulibe madzi okwanira kuchisungunula, chimakhala pompo n'kumateteza thanki. Mukangothiramo madzi, chikhungwacho chimasungunuka, chitsulo n'kuyamba kutha ngati sopo. Ngakhale m'mathanki amenewo amasamala kuti chinyezi cha mumpweya chisalowe, chifukwa asidiyu amachiyamwa, komanso kuti asidi asathamange kwambiri m'mapaipi, kuopa kukokolola chikhungwa chija.

Chonde, asidi wobiriwirayo musagulitse ngakhale botolo limodzi. Zitsulo zosungunukazo zikalowa m'batire, batire imayamba kudzitaya moto yokha ili chikhalire. Munthu wakumudzi amene wasonkha ndalama miyezi yambiri kuti agule batire ya sola adzalira osadziwa chomwe chaipha.

aPhiri a ku Ndirande:
Ine ndilankhuleko ngati wowotcherera, chifukwa thanki ikadontha pamsoko chala chimaloza ife. Kasitomala amabwera ndi mapepala ake achitsulo, sanena kuti muikidwa chiyani. Ena amati ndi ya madzi, mawa mukumva kuti athiramo mankhwala. Koma sindibisa, alipo anzathu amene amawotcherera stainless ndi marodi wamba a 6013 poona kuti a 308L akwera mtengo. Msoko wotero umachita dzimbiri ngakhale ndi mvula yokha. Achimwene, tayang'anani bwino, kodi wadyedwa ndi msoko weniweniwo kapena m'mbali mwake? Ngati bowolo ndi laling'ono ndikhoza kubwera mawa ndi makina n'kudzaikapo chigamba.

Madala aMbewe:
aPhiri, musayerekeze kuyatsa moto pathanki imeneyo. Asidi akamadya chitsulo amatulutsa mpweya wa hydrogen, sununkha, suoneka, umaunjikana kumtunda kwa thanki, ndipo kathethe kamodzi n'kokwanira kuti iphulike. Thanki ya asidi imayamba yakhuthulidwa, kutsukidwa, kusiyidwa yotsegula kuti mpweya udutse, kenako m'pamene munthu amayandikira ndi chopukusira kapena moto. Ndipo chigamba sichithandiza, asidi adzaboola pena.

Bambo a Chisomo:
Zikomo madala, palibe agwirepo. aPhiri, ndakayang'ana ndi tochi. Msokowo uli bwinobwino, koma m'mbali mwake monse muli kamzere kodyeka, kotalikirana ndi msoko ngati mulifupi mwa chikhadabo.

Madala aMbewe:
Ndiye wowotcherera wanu anagwiritsa ntchito marodi oyenera. Kamzere kameneko ndinakaona kambirimbiri pamene ndinkagwira ntchito kumigodi ya mkuwa ku Zambia, komwe sulphuric amayenda m'mapaipi usana ndi usiku. Powotcherera, pali kachigawo m'mbali mwa msoko komwe kamatentha pakati pa madigiri 450 ndi 850. Pamenepo carbon wa m'chitsulo amakoka chromium n'kumangana naye m'malire mwa tinthu tating'onoting'ono ta chitsulocho, ndiye malirewo amatsala opanda chitetezo. Asidi amayambira pomwepo. N'chifukwa chake kuli 304L ndi 316L. L ameneyo akutanthauza kuti carbon sapitirira 0.03 peresenti, pomwe mu 304 wamba amaloledwa kufika 0.08. Koma monga anenera mayi aja, thanki yonse inali kale pamzere, msokowo wangotsogola.

aPhiri a ku Ndirande:
Zaka zonsezi ndimaona L ameneyu pamarodi, lero ndamudziwa. Nanga madala, chitsulo chomwe asidi sachidya n'chiti? Tingomuuza kasitomala kuti gulani chakuti.

Madala aMbewe:
Mwanawe, funso limenelo anthu alimbana nalo zaka zoposa 250, ndipo chomwe anapeza n'chakuti asidi aliyense ali ndi chitsulo chake. Ndiloleni nditambasule, ndili ndi nthawi.

Poyamba sulphuric ankapangira m'mabotolo agalasi, pang'onopang'ono. Mu 1746 John Roebuck ku Birmingham anayamba kumupangira m'zipinda zokutidwa ndi mtovu, chifukwa mtovu umapanga chikhungwa chake cha sulphate chomwe asidi wosukuluka sachisungunula. Koma mtovu ndi wofewa, wolemera, wapoizoni, ndipo asidi akakhala wamphamvu kwambiri ndi wotentha umagonja. Kenako kunabwera chitsulo chothira m'chikombole chokhala ndi silicon 14.5 peresenti. Chimenechi sulphuric amachilephera, koma n'chosalimba ngati mbiya, chikagwa chimasweka, ndipo sichiwotcherereka bwino.

Stainless inabwera cha m'ma 1912 ndi 1913. Ku Germany a kampani ya Krupp analembetsa ya chromium ndi nickel mu 1912, ndipo ku Sheffield Harry Brearley anapeza ya chromium mu 1913 akufufuza chitsulo cha mipope ya mfuti. Mafakitale a nitric acid anasangalala nayo, koma a sulphuric ndi a asidi wa hydrochloric anaona zomwe aona Bambo a Chisomo lero. Ndiye akatswiri anayamba kuthiramo zina, kamodzikamodzi, n'kumayesa. Atathira molybdenum 2 mpaka 3 peresenti inatuluka 316, yomwe imapirira mchere ndi sulphuric wofooka wozizira. Atakweza nickel n'kuwonjezera mkuwa zinatuluka ziwiri zomwe anapangira sulphuric mwadala: 904L, yokhala ndi nickel pafupifupi 25, chromium 20, molybdenum 4.5 ndi mkuwa 1.5, komanso Alloy 20, yomwe nickel wake amaposa 30 ndipo mkuwa ndi 3 mpaka 4. Izi ndi zomwe zimaima pamphamvu yapakati ija, koma nazonso zili ndi malire a kutentha.

Hydrochloric ndiye chilombo china. Stainless wamba yonse amaiboola. Ku Kokomo m'dziko la America a kampani ya Haynes anachoka pachitsulo n'kupita pa nickel, nathiramo molybdenum pafupifupi 28 peresenti. Imeneyo ndi Hastelloy B, imapirira hydrochloric ngakhale wowira. Koma tamverani chodabwitsa: m'asidimo mukangolowa dzimbiri losungunuka lochokera kupaipi ina, kapena kadontho ka nitric, Hastelloy B yemweyo amadyedwa msangamsanga, poti alibe chromium wokwanira. Ndiye anapanganso C-276, chromium pafupifupi 16, molybdenum 16, ndi tungsten pang'ono, kuti ipirire mbali zonse ziwiri.

Titanium amakhala bwino mu chlorine wachinyezi, koma mu chlorine wouma amatha kuyaka moto. Tantalum amapirira pafupifupi asidi aliyense ngati galasi, koma hydrofluoric amamudya, monga amadyeranso galasi lomwe. Pa hydrofluoric ameneyo amatenga Monel, ya nickel ndi mkuwa. Ndiye aPhiri, kasitomala akabwera mum'funse kuti muikidwa chiyani, champhamvu bwanji, chotentha bwanji, ndipo mwasakanikirana chiyani. Akakana kunena, m'lembetseni papepala kuti wakana.

Tadala:
Zikomo kwambiri agogo. Ine ndikuphunzira za zitsulo ku MUBAS, ndiwonjezereko za mmene amayesera, chifukwa si zovuta monga anthu amaganizira. Amadula tizidutswa ta chitsulo, kutitsuka, kutiyeza kukula ndi kulemera pasikelo yomva ngakhale kafumbi, n'kutimiza m'asidi wamphamvu yodziwika pakutentha kodziwika. Pakapita masiku amatitulutsa n'kuyezanso. Kulemera komwe kwatayika amakuwerengera kuti adziwe mamilimita angati angadyedwe pachaka. Akabwereza pamphamvu zosiyanasiyana ndi kutentha kosiyanasiyana amajambula tchati chokhala ndi mzere, kawirikawiri wa 0.1 mm pachaka. Pansi pa mzere chitsulo chikhoza kugwira ntchito, pamwamba pake ayi. Opanga zitsulo amafalitsa matchati amenewa, ndipo pa 304 mu sulphuric malo abwino ndi kakona kakang'ono kumayambiriro ndi kena kumapeto, pakati ponse m'poipa. Chenjezo lokha n'lakuti sikelo siona timabowo tating'onoting'ono kapena ming'alu. Chidutswa chikhoza kutaya kulemera kochepa koma chitabooka, ndiye amayang'ananso ndi maso ndi galasi lokulitsa.

aJere a ku Limbe:
Zonsezi n'zabwino kumva, koma tibwerere pansi. Ine 304 ndi 316 ndimaitanitsa ku South Africa, komwe kuli fakitale ya Columbus ku Middelburg, ndipo ngakhale zimenezo ndimadikira ndalama zakunja kwa nthawi yaitali. 904L kapena Alloy 20 muno mu Blantyre simuipeza pashelefu, n'zochita kuitanitsa mwapadera, pamodzi ndi marodi ake, mavavu ake ndi mabawuti ake. Nickel ndi molybdenum ndi zomwe zimakweza mtengo. Bizinesi ya malita 500 singabweze ndalama imeneyo. Chimodzi ndivomereze: ndaphunzirapo pa za maginito. Kuyambira lero wofuna chitsulo cha mankhwala ndizimupatsa satifiketi ya kufakitale, ija yokhala ndi nambala yofanana ndi yodindidwa pachitsulopo.

Mayi Nachisale:
aJere akunena zoona, ndipo pa asidi wa mabatire sindikanalangiza chitsulo chilichonse, ngakhale 904L, chifukwa cha nkhani ija ya zitsulo zosungunuka zomwe zimaipitsa asidi. Batire yenileniyo chikopa chake ndi pulasitiki ya polypropylene. Tengani thanki ya polypropylene kapena ya polyethylene yochindikala yopangidwira mankhwala. Ndikutsindika, yopangidwira mankhwala, osati thanki yamadzi yobiriwira ija. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ya asidi wanu ndi 1.28, ya asidi wa 98 ndi 1.84. Thanki yamadzi sinapangidwire katundu wotero, ndipo ikafunda imafewa n'kuyamba kutupa m'munsi. Muonenso tizipangizo tating'ono: vavu ya brass, bawuti yachitsulo, kachingwe ka nayiloni, zonsezo zimadyedwa thanki ili bwinobwino.

Ndipo kutenthako kuchepe. Madzi ayambe kulowa, asidi atsatire pang'onopang'ono uku mukutakasa, mukupumira kuti zizizire. Osathira madzi m'asidi, amawira pompo n'kuthovukira kumaso.

Tadala:
Koma akuluakulu, ine chimandiwawa n'chakuti miyala ya zitsulo zimenezi ilipo kwathu konkuno. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli niobium ndi tantalum. Ku Kasiya ku Lilongwe kuli rutile, mwala womwe amatengamo titanium. Niobium ndi yemwe amathira mu Alloy 20 kuti agwire carbon uja asabe chromium powotcherera. Tizingotumiza dothi kunja, ife n'kumadikira ndalama zakunja kuti tigule vavu imodzi?

Madala aMbewe:
Mdzukulu wanga, mtima umenewo usautaye. Koma pakati pa mwala ndi chitsulo pali ulendo. Kuti rutile asanduke titanium amafunika chlorine, magnesium ndi ng'anjo zotsekedwa zosalowa mpweya, ndipo mayiko ochita zimenezi ndi owerengeka, monga China, Japan, Russia ndi Kazakhstan. Niobium pafupifupi yense wapadziko amachokera ku Brazil, msika anaugwira kale. Stainless ya carbon wochepa ija inatsika mtengo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, atayamba kuuzira argon ndi oxygen m'chitsulo chosungunuka, ndipo ng'anjo zake zimafuna magetsi osaphethira. Ukukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atawononga ku Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130 kamodzi. Chitsulo chikaumira m'ng'anjo magetsi atazima, wataya zonse. Ine ndikuona kuti choyamba tikhale ndi anthu odziwa kusankha ndi kuyeza. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga umadalira sulphuric posungunula uranium m'miyala, ndipo migodi ina ikatsegulidwa adzafuna anthu otero ambiri.

Tadala:
Ndamva agogo, koma sindikuvomereza kwathunthu. Anthu a ku South Africa sanayambe ndi kupikisana ndi Hastelloy. Anaona kuti ali ndi chromium wambiri, ndiye kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku Middelburg komweko anapanga 3CR12, ya chromium pafupifupi 12 peresenti ndi nickel wochepa zedi, yotchipa, yowotcherereka, yoyenera migodi yawo ndi mafakitale a shuga. Anayambira pavuto lawo. Ifenso tili ndi mavuto athu ku Nchalo, kumafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, m'mabwela (makina owiritsira madzi m'mafakitale) a muno mu Makata. Ng'anjo yaing'ono ya makilogalamu ochepa m'labu ndi yokwanira kuyamba kuyesa.

Mayi Nachisale:
Tadala ali ndi mfundo, koma wina asawerenge mothamanga n'kukagula 3CR12 ya thanki ya asidi. Imeneyo ndi ya malo onyowa ndi okhulika, mu sulphuric ingathe msanga kuposa 304. Madala ndi mdzukulu wanu simukusiyana kwenikweni, chifukwa ng'anjo ya m'labuyo popanda wodziwa kuyeza sipindula. Ine pantchito yanga ya madzi a m'mabwela, kangapo ndapeza paipi ya stainless yoikidwa pamzere wa hydrochloric, woikayo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wachita zabwino. Vuto lili pamenepo, pakati pa wogula, wogulitsa ndi wowotcherera, aliyense akuganiza kuti mnzake wafunsa kale.

Bambo a Chisomo:
Abale, mwandimasula. Ndinali wokonzeka kupita kukakangana ndi amene anandipangira thanki, chikhalirecho ine ndi amene sindinamuuze za kutenthako. Asidi tamupopera m'zigubu zomwe anabweramo, ndalembapo kuti wosagulitsa. Pansi tathira laimu. Mnyamata wanga mmodzi anadonthezedwa pamkono, tinamutsira madzi apampopi kwa nthawi yaitali ndipo ndapita naye ku Queens, am'thandiza, ali bwino. Nanga asidi woipayu ndimutaye kuti? Ngalande yathu imatsikira mu Mudi.

Mayi Nachisale:
M'ngalande ayi, ngakhale pang'ono, kumunsiko anthu amachapa ndi kuthirira madimba. Amafunika kumupha kaye ndi laimu kapena soda ash, pang'onopang'ono m'chidebe chapulasitiki chokhala kale ndi madzi, chifukwa zimatentha ndipo soda ash amachita thovu kwambiri. Matope otsalawo ali ndi chromium ndi nickel, ndiye funsani a zachilengedwe ku khonsolo ya mzinda za kotayira. Ndibwera Loweruka ndi mapepala oyezera pH, oonera mphamvu ya asidi, tidzayambire limodzi. Anyamatawo apezereni magalasi otchinga nkhope yonse, magolovesi a labala aatali ndi ma epuloni apulasitiki tisanayambe.

Tadala:
Bambo a Chisomo, thanki ikatsukidwa musaigulitse yonse kwa a sikirapu. Ndikupempha chidutswa cha pamsoko pamene pali kamzereko ndi china cha pakati. Ndikapempha aphunzitsi kuti tikazione pa microscope.

aPhiri a ku Ndirande:
Kudulako ndidzadula ine madala akadzaona kuti thanki yapuma mokwanira. aJere, ngati muli ndi zotsalira za 316L ndi 304 wamba mundisungire. Ndikufuna ndiwotcherere tizidutswa tiwiritiwiri, tina ndi 308L, tina ndi 316L, tina ndi 6013, Tadala akatimize m'asidi wa 1.28 uja. Ndikufuna ndidzawaonetse anyamata a kushedi kwathu ndi maso awo.

aJere a ku Limbe:
Zilipo, za mamilimita 2 ndi 3. Ndikusiyirani ku Ginnery Corner Lachisanu madzulo pobwerera.

Madala aMbewe:
Loweruka ndifika 9 koloko. Chivindikiro cha thankiyo chikhale chotsegula kuyambira lero, ndipo pafupi pasakhale wosuta fodya.